Agogo a amuna anga anali mlimi komanso msilikali wa pamadzi, ndiwakumbukire bwanji pagulu?

Funso: Ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku America ndipo tikukhala ku Iowa. Agogo aamuna a amuna anga anatisiya mwezi watha ali ndi zaka 94. Anabadwa mu 1930, moyo wawo wonse anali mlimi wa chimanga, soya ndi nkhumba, kupatula zaka 4 zomwe anali ku Navy, gulu la asilikali a pamadzi, 1951 mpaka 1955, nthawi ya nkhondo ya Korea. Maliro tinaika kale koma banja lonse likumana pa famupo pakatha miyezi itatu kudzawakumbukira, ndiye apongozi anga apempha ine kuti ndilembe kabuku ka mbiri yawo komanso ndidzayankhule mphindi zingapo. Vuto ndi loti za ku Navy sankazikamba, tangopeza chithunzi chimodzi ali mu yunifolomu ndi timendulo titatu mu kabokosi, ndipo agogo aakazi akuti anali pa sitima ya nkhondo ya mtundu wa destroyer. Komanso kunena zoona anali munthu wovuta, mwana wawo wachiwiri anakhala zaka osayankhulana nawo pa nkhani ya malo. Agogo aakaziwo ali ndi zaka 91. Ine ndine wobwera, ndiyambire pati?

Yankho: Pepani kwambiri ndi zovutazi mayi, ndipo ntchito akupatsaniyi musaikane ngakhale ikuoneka ngati yakukulirani. Zoti ndinu wobwera zisakufooketseni, paja mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwana wobadwira pa famupo sangafunse kuti kodi nkhumba munkazidyetsa nthawi yanji, amachita manyazi poti akuyenera kudziwa kale, ndipo akafunsa amangoyankhidwa kuti iwe waiwala? Koma mukafunsa inu anthu amakhala pansi nkuyamba kufotokoza kuyambira pachiyambi penipeni, ndipo mkati mwa kufotokozako ndi momwe mumatuluka nkhani zoti ngakhale ana awo sanazimvepo. Chinanso pa mkangano wa malo uja inu mulibe mbali, ndiye khomo lililonse mutha kulowa.

Chomwe ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi. Bambo amenewa akhala zaka 94 ndipo ku Navy anakhalako 4 basi. Koma ndaona kambirimbiri pa mwambo wokumbukira anthu ngati awa, theka la zoyankhula limathera pa yunifolomu, kenako zaka zoposa 60 za ku munda nkuzimaliza ndi mawu amodzi oti anali mlimi wolimbikira. Sikuti anthu amachita dala ayi, usilikali uli ndi zooneka ndi maso, chithunzi, mendulo, mbendera yopindidwa makona atatu ija imaoneka pa maliro a asilikali, lipenga la Taps lomwe limaliritsa ngakhale munthu woti malemu sankawadziwa. Ulimi ulibe mwambo wotero, palibe amaimba lipenga chifukwa munthu wadzuka 4 koloko m'nyengo ya chisanu kwa zaka 40 kukaona ngati madzi a nkhumba sanaume ngati mwala ndi kuzizira. Ndiye ntchito yanu yaikulu ili pamenepo, kuwapatsa bambowa mawu molingana ndi komwe anathera moyo wawo. Za ku Navy muzifufuze bwinobwino, ndikuuzani njira yake, koma zisameze munthu yense.

Musanalembe kalata ku ofesi iliyonse, pitani kwa agogo aakazi sabata ino. Osati mwezi wamawa. Mapepala a boma sathawa, koma munthu wa zaka 91 yemwe wangotaya mnzake wokhala naye zaka zambirimbiri, simungadziwe kuti mphamvu ndi nzeru zokumbukira zinthu zikhala naye mpaka liti. Tengani foni, apempheni chilolezo chojambula mawu, ikani pa tebulo nkuiwala. Mphindi 40 kapena ola limodzi ndi zokwana, mubwerenso tsiku lina. Ndipo musawafunse kuti amuna anu anali munthu wotani, funso limenelo limabweretsa mawu a pa maliro aja oti anali wabwino, wokonda banja, basi nkhani yathera pomwepo. Afunseni zogwirika. Munakumana kuti, tsiku limenelo anavala chani. Nyumba munalowa koyamba inali ndi madzi a m'mipope kapena mumakatunga. Thalakitala yoyamba anaigula kwa ndani, ndalama zinachokera kuti. Akakwiya ankapita kuti. Chaka chomwe munagona ndi mantha kuti famu ipita ndi chiti. Muwapatse chithunzi kapena timendulo tija m'manja, chinthu chogwira chimatsegula pakamwa kuposa funso. Akakhala chete musathamangire kudzaza mpatawo, dikirani, nthawi zambiri mawu olemera amabwera pambuyo pa chete ameneyo.

Tsopano za ku Navy. Pepala loyamba kulisaka limatchedwa DD-214, ndi chikalata chomwe msilikali aliyense wa ku America amapatsidwa potuluka, ndipo chinayamba kugwira ntchito mu 1950 ndiye agogowa ali nacho ndithu. Muli tsiku lolowa, tsiku lotuluka, udindo wawo, ntchito yomwe ankagwira, mendulo zomwe anayenera kulandira komanso malo omaliza omwe anagwirako. Ngati pa maliro panabwera asilikali kudzapinda mbendera ndiye kuti mwina wina m'banjamo anachipereka kwa okonza maliro, funsani kumeneko kaye. Chikasowa yesani ku ofesi ya County Recorder, yosunga zikalata za dera lawo, asilikali ambiri a nthawi imeneyo akangofika kumudzi ankakalembetsa chikalatachi kumeneko kuopa kuchitaya.

Failo yonse ya usilikali wawo imasungidwa ku National Personnel Records Center mu mzinda wa St. Louis, ku Missouri. Mumapempha polemba fomu ya SF-180 kapena pa intaneti kudzera ku National Archives, kosungira zikalata zakale za boma. Wina akuuzani kuti musavutike mapepala onse anapsa, musamumvere. Moto unalipodi pa 12 July 1973 ndipo unaononga mafailo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni, koma omwe anapsa kwambiri ndi a Army ndi a Air Force, a Navy sanakhudzidwe motero. Komanso lamulo lawo ndi loti pakatha zaka 62 munthu atatuluka usilikali failo yake imatseguka kwa aliyense, ndiye ya agogowa inatseguka mu 2017, inuyo ngakhale si inu mwana wawo mutha kuipempha, kungoti pamakhala kandalama kolipira makope. Tumizani pempholi msanga chifukwa yankho limatha kutenga masabata kapena miyezi, likachedwa mudzaonjezera mu kabuku pambuyo pake.

Timendulo tija tiyang'aneni mosamala, apa ndi pomwe mabanja ambiri amalakwitsa mosadziwa. National Defense Service Medal inkaperekedwa kwa aliyense yemwe anali msilikali pakati pa June 1950 ndi July 1954, kaya anali ku Korea kaya anali pa doko la ku Virginia osaonako nkhondo. Yosonyeza kuti munthu anafikadi ku dera la nkhondo ndi Korean Service Medal, ndipo kawirikawiri imayenda limodzi ndi ya United Nations. Zaka zimenezo sitima zambiri za America zinali ku nyanja ya Atlantic ndi Mediterranean, kutali ndi Korea. Ndiye musalembe kuti anamenya nkhondo ku Korea musanaone umboni. Ngati sanafikeko lembani kuti anatumikira nthawi ya nkhondo ya Korea, ndi zoona ndipo palibe chochititsa manyazi, mnyamata sasankha komwe sitima ipite. Ndimalimbikira pamenepa chifukwa pa gulu lotere sipalephera kukhala mkulu wina wa American Legion kapena VFW, mabungwe a asilikali akale, yemwe amadziwa kuwerenga mendulo, ndipo chinanso munthu yemwe anakhala zaka 70 osadzitamandira sangafune kuti mumutamandire ndi zomwe sanachite.

Mukangopeza dzina la sitima zinthu zimatseguka. A Naval History and Heritage Command, nthambi yosunga mbiri ya Navy, ali ndi mbiri ya pafupifupi sitima iliyonse ya nkhondo pa intaneti, yaulere, imanena mwezi ndi mwezi komwe inali. Ku National Archives ya ku College Park, Maryland, kuli ma deck log, buku lomwe ofesala wa pa ulonda ankalemba tsiku ndi tsiku, malo, nyengo, zomwe zachitika. Musayembekeze kupezamo nkhani za agogowa, msilikali wamba amatchulidwa mwina pofika, pochoka, akavulala kapena akalakwa. Koma mutha kudziwa komwe anali pa Khirisimasi ya 1952, ndipo chimenecho chokha mukachinena pagulu ana awo adzakhala tcheru. Funsaninso ngati m'nyumbamo mulibe cruise book, buku la zithunzi lomwe sitima zambiri zinkasindikiza ukatha ulendo wautali, limapezeka pansi pa zovala m'sutikesi yakale.

Ngati sitimayo inalidi ku Korea kuyambira 1951, dziwani kuti zinthu zotchuka zija, kutsika kwa asilikali ku Inchon mu September 1950 ndi kusamutsa anthu ku Hungnam mu December 1950, zinali zitadutsa iwo asanalowe. Ntchito ya ma destroyer nthawi yawo inali kuperekeza sitima zonyamula ndege, kuombera njanji ndi milatho ya m'mbali mwa nyanja, ndi kutsekereza doko la Wonsan, komwe kunayamba February 1951 mpaka nkhondo itaima pa 27 July 1953, zaka zoposa ziwiri. Choopsa kwambiri kumeneko chinali mabomba otchera m'madzi ndi mizinga ya kumtunda. Popuma ankapita ku Sasebo kapena Yokosuka ku Japan. Destroyer imodzi inkanyamula anthu cha m'ma 300 mothinana, mabedi osanjikiza atatu, ulonda wa maola 4 kupuma 8 ndipo mkati mwa 8 amenewo muli ntchito zina, madzi abwino ochita kuyeza. Anyamata ena ochokera ku mafamu ankathera ku chipinda cha injini kapena cha maboila poti anali ozolowera makina, kotentha ndi kwaphokoso kosaneneka, ndiye ngati agogowa ankamva movutikira mwina zinayambira kumeneko thalakitala isanaonjezere. Onani pa DD-214 ntchito yawo, kenako funsani ana awo kuti kodi kuotcherera zitsulo ndi kukonza injini anaphunzira kuti. Apa ndi pomwe zaka 4 zija zimalumikizana ndi zina zonse, ndipo ndi njira yabwino yozikambira.

Zoti sankakamba musazitanthauzire msanga. Ena anakhala chete chifukwa anaona zowawa. Ena chifukwa anakula m'mbuyo mwa akulu awo omwe anamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndiye ankaona kuti zawo si zoti nkukamba, ndipo nkhondo ya Korea anthu a ku America omwe amaitchula kuti yoiwalika ngakhale inapha asilikali awo oposa 36,000. Ena basi anabwerako nkupeza chimanga chikudikira. Ngati simukudziwa chifukwa chake ingonenani kuti sankakonda kuzikamba, osawapekera mabala.

Tibwere ku munda, komwe ndikufuna mukhalitse. Munthu wobadwa 1930 pa famu ya ku Iowa waona kusintha kwa ulimi koti mibadwo yambiri m'mbuyomo sinakuone, ndipo zidzukulutudzi zomwe zidzakhale pansi pa mtengo tsiku limenelo sizikudziwa. Anabadwa chuma cha America chitangogwa mu 1929, ali mwana kunabwera chilala choopsa cha 1934 ndi 1936. Nthawi imeneyo famu imodzi yokha mwa 10 ndi yomwe inali ndi magetsi, lamulo lofikitsa magetsi kumidzi linabwera mu 1936, ndiye mwayi ndi waukulu kuti anaphunzira kuwerenga ndi nyali ya palafini ndipo ankakumbukira tsiku lomwe babu linayaka koyamba. Funsani, nkhani imeneyo pafupifupi banja lililonse la kumeneko lili nayo. Anayamba ntchito m'mbuyo mwa mahatchi, kukolola chimanga ndi manja nkumaponya m'ngolo, ndipo mpaka cha mu 1954 ndi pomwe mathalakitala anaposa mahatchi ndi abulu pa mafamu a dziko lonselo, kutanthauza kuti pomwe iwo ankavula yunifolomu ndi pomwe ulimi wa mahatchi unkatha. Mu 1950 ekala imodzi ya chimanga ku America inkatulutsa mabushelo osakwana 40, zaka zaposachedwapa ikuposa 170, ndipo bushelo imodzi ndi pafupifupi makilogalamu 25. Mbeu ya haibulidi, feteleza, mankhwala a udzu, makina okolola, zonsezi zadutsa m'manja mwawo, china chilichonse chinafuna kuti asankhe, agule kapena adikire, akongole kapena apirire ndi chakale.

Koma nambala yomwe imandigwira mtima ndi ina. Mu 1935 ku America kunali mafamu 6.8 miliyoni, lero atsala pafupifupi 2 miliyoni. Ndiye kuti pa moyo wa bambowa anansi ambiri anagulitsa nkuchoka, masukulu a kumidzi anatsekedwa, matchalitchi anaphatikizana. Iwo anatsala. Funso la kabuku kanu likhale limenelo, anatsala bwanji, ndipo zinawadyera chani.

Yankho lake lalikulu mukalipeza m'zaka za m'ma 1980. M'ma 1970 mitengo ya mbewu inakwera America itayamba kugulitsa tirigu ndi chimanga chambiri ku Soviet Union mu 1972, boma ndi mabanki ankalimbikitsa alimi kukulitsa minda, malo anakwera mtengo, anthu anakongola kugula malo ena ndi makina aakulu. Kenako January 1980 Pulezidenti Jimmy Carter analetsa malonda ena a mbewu ndi Soviet Union chifukwa cha nkhondo ya ku Afghanistan, chiwongola dzanja chinakwera kuposa 20 peresenti chaka chomwecho, mitengo ya mbewu inatsika, ndipo pakati pa 1981 ndi 1986 mtengo wa malo olima ku Iowa unagwa kupitirira theka. Munthu yemwe anakongola poika malo ngati chikole anangodzuka chikolecho chitachepa ngongole ili pomwepo. Mafamu anagulitsidwa pa okushoni anansi akuonerera, mabanki a m'matauni ang'onoang'ono anatsekedwa, alimi ena anadzipha, mpaka mu 1986 boma linachita kukhazikitsa lamulo lapadera la Chapter 12 lothandiza alimi a mabanja omwe ngongole yawakulira. Agogowa nthawi imeneyo anali ndi zaka za m'ma 50, ana atakula, ena akufuna kuyamba ulimi wawo. Kenako chilala cha 1988, madzi osefukira a 1993, ndi kugwa kwa mtengo wa nkhumba kumapeto kwa 1998 komwe kunachotsa alimi ang'onoang'ono ambiri pa ulimi wa nkhumba. Tengani zaka zimenezi muzilembe pa pepala, mupite nazo kwa mwana aliyense nkufunsa kuti chaka ichi kunyumba kunali bwanji. Mudzamva zinthu.

Mapepala a ku munda aliponso, kungoti anthu sawaona ngati mbiri. Alimi ambiri a msinkhu umenewo ankalemba mu timabuku ta m'thumba kapena pa kalendala, tsiku lodzala, mvula yagwa yochuluka bwanji, nkhumba zagulitsidwa zingati pa mtengo wanji. Ena ankalemba ndi pensulo pa khoma la nkhokwe kapena la shedi. Pemphani kuti asataye kalikonse musanaone, ndipo jambulani khomalo. Tsamba limodzi la kalendala ya 1985 lolembedwa ndi dzanja lawo likhoza kunena zambiri kuposa ndime zitatu za inu. Ku County Recorder komwe kuja kuli zikalata za malo, mudzaona chaka chomwe anagula gawo lililonse ndi kwa ndani. Kalembera wa 1940 ndi wa 1950 ali pa intaneti, wa 1950 anatsegulidwa mu April 2022, muwapeza ali mnyamata m'nyumba ya makolo awo, maina onse a m'nyumbamo ali pomwepo. Ndipo ngati malowo akhala m'banjamo zaka 100 onani ngati analembetsa ku Century Farm, ndondomeko yolemekeza mafamu otere yomwe Iowa inayamba mu 1976, fomu yake imakhala ndi mndandanda wa eni malo kuyambira woyamba.

Tsopano nkhani yovuta ija. Mwati anali munthu wovuta ndipo pali mwana yemwe anakhala zaka osayankhulana nawo. Musaiike pagulu nkhani ya malo, si malo ake ndipo si inu woyenera kuitsegula. Koma musapitenso mbali inayo nkuwasandutsa munthu wofatsa wosakwiya, chifukwa aliyense wokhala pamenepo akudziwa, ndipo mukangonena bodza limodzi lotero zonse zomwe munene pambuyo pake anthu azimva ndi khutu limodzi. Choipa kwambiri nchakuti mwana uja adzamva ngati banja lagwirizana kuti zomwe zinamupweteka sizinachitike. Pali njira yonenera zoona mwaulemu. Mutha kunena kuti sanali munthu wa mawu ambiri, kuti akanena kuti ayi inali ayi, kuti kugwira nawo ntchito sikunali kophweka ndipo ana awo akudziwa bwino kuposa ine. Anthu adzagwedeza mitu, ena adzaseka pang'ono misozi ili m'maso, ndipo kuyambira pamenepo akukhulupirirani.

Ndipo pitani kwa mwana ameneyo panokha, musamusiye kuti adzangomva patsikulo. Muuzeni kuti ndikulemba za bambo anu ndipo sindikufuna kulemba popanda inu, pali chomwe mukufuna chikhalemo, pali chomwe simukufuna ndinene. Akakana kuyankhula mulemekezeni. Koma kawirikawiri amene anakangana kwambiri ndi bambo ndi amene anagwira nawo ntchito pafupi kwambiri, ndipo nkhani yabwino koposa ya mmene ankagwirira ntchito imakhala ndi iyeyo. Mikangano ya malo pa mafamu a mabanja ndi yofala zedi, chuma chonse chili mu nthaka yomwe ukaigawa kwa ana onse palibe angakhalire ulimi, ukaipereka kwa mmodzi ena aona kukondera, ndipo bambo yemwe anatsala pang'ono kuitaya m'ma 1980 amavutika kuisiya m'manja mwa wina ngakhale mwana wake. Sindikunena kuti agogowa analondola, sindikudziwa. Ndikunena kuti mukafotokoza bwino zaka zimenezo mu kabuku, osatchula mkangano nkomwe, anthu adzamvetsa okha komwe kuuma mtima kwina kunachokera.

Chinanso chomwe chimandipweteka ndikachiona, ndi mbiri ya mutu wa banja yolembedwa ngati anachita zonse yekha. Pa mafamu ambiri a nthawi imeneyo mayi ndi amene ankasunga mabuku a ndalama, kuyendetsa thalakitala kapena lole nthawi yokolola, kusamala nkhuku zomwe mazira ake ankagulira zofunika za pakhomo, ndipo zinthu zitavuta m'ma 1980 amayi ambiri anakalowa ntchito m'tauni kuti pakhomo pakhale malipiro ndi inshuwalansi ya chipatala. Afunseni agogo aakazi kuti inuyo munkachita chani, adzayamba ndi kunena kuti aaa ine ndinkangothandiza, musavomere, funsani kuti kuthandiza kwake kotani, Lolemba m'mawa munkayamba ndi chani. Ali moyo ndipo adzakhala kutsogolo patsikulo, amve dzina lawo likutchulidwa pa ntchito yomwe anagwira.

Kabuku ndi zoyankhula muzisiyanitse. M'kabuku ndi momwe mulowe zaka, maina a ana ndi zidzukulu, dzina la sitima, mapu a famu, zithunzi zolembedwa kuti uyu ndi ndani chaka chiti. Maina onse mupereke kwa anthu awiri osiyana awerenge, kuphonya mdzukulu mmodzi kapena kulakwitsa kalembedwe ka dzina kumakumbukiridwa nthawi yaitali kuposa zabwino zonse mwalemba. Pomwe anthu awiri akukumbukira mosiyana, wina akuti khola linapsa 1967 wina 1969, musasankhe wopambana, lembani kuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kapena ikani zonse ziwiri ndi maina a onena.

Zoyankhula zisapitirire mphindi 6 kapena 7, ndipo musawerenge mndandanda wa zaka, anthu ali nawo m'manja. Sankhani nkhani zitatu kapena zinayi zomwe munthu angazione m'maso, imodzi ya ku nyanja, zotsalazo za ku munda ndi pakhomo, ndipo iliyonse munene yemwe anakuuzani, kuti azakhali akuti, amalume akuti, chifukwa potero mawu amakhala a banja lonse inu mwangowasonkhanitsa. Mawu oti anali wolimbikira asiyeni, nenani zomwe ankachita anthu aone okha kulimbikirako. Onjezani kamodzi kanu, kakang'ono, tsiku lomwe munakumana nawo koyamba kapena chinthu chomwe anakuphunzitsani, poti nanunso muli ndi ufulu wowalira. Muyeseze mokweza kangapo pamaso pa amuna anu, sindikizani ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo pepala lina mupatse munthu woti mukatsamwa ndi misozi apitirize. Ngati mukuopa kuti Chingerezi chanu chikumveka chachilendo, yankhulani pang'onopang'ono basi, okalamba ambiri pamenepo samva bwino ndiye kufatsa kwanu kuwathandiza.

Pali tinthu tiwiri ta boma toti mufunse apongozi ngati tinachitika. A Department of Veterans Affairs, unduna woona za asilikali akale, amapereka mwala wa pamanda kwaulere kwa msilikali wakale woyenerera ngakhale waikidwa ku manda wamba, ndipo ngati banja lagula kale mwala wake amapereka kachizindikiro ka mkuwa komata pamwalapo. Amaperekanso Presidential Memorial Certificate, satifiketi ya Pulezidenti yolemekeza msilikali wakale yemwe wamwalira, ndipo mutha kupempha makope angapo kuti mwana aliyense akhale ndi yake, kuphatikizapo wachiwiri uja. Mukapeza makalata omwe ankalemba ali pa sitima kapena zithunzi zambiri, a Veterans History Project, osonkhanitsa mbiri za asilikali akale ku laibulale ya boma ya Library of Congress, amalandira zotere kuchokera ku mabanja, koma amafuna zenizenizo osati makope, ndiye musatumize banja lisanagwirizane ndipo muyambe mwazijambula zonse. Mawu a agogo aakazi omwe mujambule aja musawasiye mu foni mokha, akopereni pa kompyuta ndi malo ena awiri, lembani tsiku ndi maina a omwe akuyankhula, ndipo mutumizire mwana aliyense msonkhano usanafike kuti wofuna kuonjezera kapena kukonza akuuzeni kabuku kasanapite kosindikiza.